Kwa Eni Akamakamba za Inu, Muzimva

Lamulungu pa 24 September 2017 ndinali pa ntchito ya madzulo m'nyumba ina yosamalira okalamba, m'katauni ka m'chigawo cha Niedersachsen ku Germany. Nthawi itatsala pang'ono kukwana 6 koloko, agogo amene masiku onse tinkachita kuwanyengerera kuti atuluke m'zipinda anayamba kuitana okha kuti tiwakankhire kuchipinda cha wailesi yakanema. Tiyi anazizira m'makapu. Itangokwana 6 koloko ndendende, pa kanema panatuluka mizati yamitundumitundu, wakuda, wofiira, wabuluu, wachikasu, wobiriwira, uliwonse ukukwera n'kukaima pa nambala yake. Wabuluu utaima, gogo wina wamkazi wa zaka zoposa 90 anandigwira dzanja, n'kulifinya, n'kulankhula mawu angapo milomo ikunjenjemera. Ine ndinangogwedeza mutu ndi kumwetulira, monga timachitira tikakhala kuti sitinamve.

Ndinali nditatha chaka m'dzikomo, satifiketi ya Chijeremani ya B1 ili m'chikwama. Ndinkatha kufunsa wodwala ngati wagona bwino, ngati wamwa mankhwala, ngati bondo likupwetekabe. Koma usiku umenewo andale ankangosinthana pa kanema, ndipo mawu okhawo amene ndinkatola anali Ausländer ndi Flüchtlinge, anthu obwera ndi othawa kwawo. M'chipinda monsemo wobwera ndinali ine ndekha. Mawa lake mnzanga wa kuntchito ndiye anandimasulira. Mzati wabuluu unali wa chipani cha AfD, chimene kampeni yake inatsamira pa nkhani ya anthu obwera, ndipo chinali chitalowa m'nyumba ya malamulo koyamba ndi mavoti 12.6 pa 100 alionse. Gogo uja ankandiuza kuti ndisachite mantha, iye sanawavotere. Nditapita kukamuthokoza anali ataiwala kale, pakuti mutu wake unkagwira n'kutaya. Mpaka lero zimandipweteka kuti munthu anandipatsa mawu otonthoza mtima, ine n'kuwagwetsa pansi.

Ndikulembera inu achinyamata amene mukulimbana ndi der, die, das pa foni ndi m'makalasi a madzulo, ena mukufuna sukulu, ena unamwino, ena ntchito zamanja. Ndikudziwa zimene mumachita mukafika pa mutu wa boma ndi chisankho m'buku: mumaudumpha. Mumati ine ndikupita kukagwira ntchito, ndale n'za eni. Inenso ndinkatero, ndipo ndinali ndi chifukwa, pakuti ndinakulira m'manja mwa makolo amene ankatsitsa mawu akamatchula boma ngakhale chitseko chili chotseka. Koma mlendo ndi amene moyo wake wapachikika pa malamulo kuposa mwini mudzi. Mjeremani akhoza kutha chaka osatsegula nyuzipepala, m'mawa adzadzukabe ali Mjeremani. Inu chiphaso chokhalira m'dziko, kuitanitsa mkazi kapena mwana, kuvomerezedwa kwa mapepala anu a sukulu, zonsezi zimaphikidwa m'mawu omwe mukudumphawo.

Pa 29 January 2025 foni yanga sinapume. Magulu a WhatsApp anadzaza ndi uthenga woti lamulo ladutsa, malire atsekedwa, anthu ayamba kubwezedwa kwawo. Mtsikana wina amene anali atangoyamba kumene maphunziro a unamwino anandiimbira akulira, akufunsa ngati ayambe kulongedza. Chimene chinadutsa mu Bundestag, nyumba ya malamulo ya dziko lonse, tsiku limenelo chinali Antrag, pempho la aphungu louza boma zimene iwo akufuna kuti lichite, lomwe silimanga munthu aliyense. Nkhaniyo inali yolemera ndithu, chifukwa pempholo linadutsa mothandizidwa ndi mavoti a AfD, chinthu chimene zipani zina zinkati sichidzachitika. Khoma limene amati limawalekanitsa ndi chipanichi amalitcha Brandmauer, khoma lotchinga moto, ndipo anthu zikwizikwi anatuluka m'misewu kukachita zionetsero ponena kuti lang'aluka. Koma patapita masiku awiri, pa 31 January, kunabwera Gesetzentwurf, bilu yeniyeni, ndipo inagwa. Ngakhale ikanadutsa, ulendo unali udakalipo: ku Bundesrat, kumene kumakhala maboma a zigawo, kenaka siginecha ya pulezidenti, kenaka kusindikizidwa mu gazeti ya boma, isanakhale Gesetz. Mtsikana uja anagona atamva kusiyana kwa mawu atatu amenewa.

Tsono muyambire pati? Mawu a boma a Chijeremani amaopsa ndi kutalika. Taonani awa: Fachkräfteeinwanderungsgesetz. Musathawe. Ali ngati nzimbe, mumangodula pa mfundo, ndipo muziyambira kumchira. Gesetz, lamulo. Einwanderung, kulowa m'dziko kudzakhalamo. Fachkräfte, anthu odziwa ntchito. Ndi lamulo la kalowedwe ka anthu aluso, linayamba kugwira ntchito pa 1 March 2020, ndipo ambiri a inu mudzalowera pa khomo limeneli. Mchira womwewo ndi umene umakuuzani ngati mawu onsewo ndi der, die kapena das.

Mizu yake ndi yochepa, mukhoza kuiwerenga ndi zala. Bund ndi mgwirizano wa zigawo 16 zimene zimapanga dzikolo, ndiye chilichonse choyamba ndi Bundes n'cha dziko lonse: Bundesregierung boma, Bundeswehr asilikali, ngakhale Bundesliga imene mumaidziwa kale. Land ndi chigawo chimodzi, chokhala ndi nyumba yakeyake ya malamulo, Landtag, ndi mtsogoleri wake, Ministerpräsident. Musamazipeputse zigawozi, chifukwa sukulu, apolisi ndi maofesi ambiri ovomereza mapepala a anamwino ochokera kunja zili m'manja mwawo, n'chifukwa chake zimene mnzanu anauzidwa ku Bayern zikhoza kusiyana ndi zimene inu mudzauzidwe ku Hamburg. Tag wa mu Bundestag ndi msonkhano wokhala pa tsiku loikika. Rat ndi uphungu komanso bwalo la opereka uphungu, ndiye nyumba ya khonsolo ya mzinda ndi Rathaus, ndipo ndikamva mawuwa ndimakumbuka kuti ifenso woimira dera timamutcha phungu. Wahl ndi chisankho, ndipo ali ndi ana ambiri: Wahlkreis dera, Wahllokal malo oponyera voti, Wahlurne bokosi, Wahlkampf kampeni, imene iwo amaitchula mosabisa kuti ndi ndewu.

Mawu amene ndimawakonda kuposa onse ndi die Stimme. Ndi liwu, lomwe lija la kukhosi, loimbira kwaya, ndipo ndi voti. Ife voti timaponya, iwo liwu amapereka, die Stimme abgeben. Pa tsinde limeneli pamamera abstimmen, kuvota pa nkhani, pamene wählen ndi kusankha munthu kapena chipani, zustimmen, kuvomereza, Gegenstimme, voti yokana, einstimmig, onse ndi liwu limodzi. Dzina muziliphunzira pamodzi ndi mneni amene limayenda naye, ngati mtondo ndi munsi. Mukapanda kutero mudzasokonezeka monga ndinasokonezekera ine ndi ein Gesetz verabschieden. Mneni ameneyu ndinkamudziwa kuti ndi wotsanzikirana, ndiye kwa miyezi ndinkamva kuti lamulo lathetsedwa, pamene nkhani imati aphungu alivomereza. Likayamba kugwira ntchito amati es tritt in Kraft. Nduna ikatula pansi udindo amati sie tritt zurück. Mneni ndi mmodzi, kuponda, koma wina waponda kulowa, wina waponda kubwerera.

Mawu achilendo sapweteka kwambiri, chifukwa mumadziwa kuti simukuwadziwa, mumafunsa. Oopsa ndi amene amaoneka ngati a kwanu. Mukamva Bundespräsident mudzaona m'maganizo Sanjika ndi Kamuzu Palace, mdipiti wa galimoto, munthu wolemba nduna ndi kuzichotsa mmene wafunira. Frank-Walter Steinmeier, amene anatenga mpandowu mu 2017, sanasankhidwe ndi anthu wamba. Anasankhidwa ndi msonkhano wapadera, Bundesversammlung, wa aphungu onse a Bundestag pamodzi ndi nthumwi za zigawo zochuluka chimodzimodzi. Pulezidenti amasaina malamulo, amalandira akazembe, amalankhula dziko likagweredwa chisoni. Mphamvu zoyendetsa boma zili ndi Bundeskanzler, amenenso sasankhidwa ndi anthu mwachindunji koma ndi aphungu. Angela Merkel analamula zaka 16, kuyambira 2005 mpaka 2021, popanda munthu wamba ngakhale mmodzi kuchonga pepala lolembedwa kuti Kanzlerin.

Muzifunsa chifukwa chake, pakuti mawu amamatirira m'mutu akakhala ndi nkhani. M'nthawi ya Weimar, Hitler asanatenge boma, pulezidenti ankasankhidwa ndi anthu ndipo anali ndi mphamvu zolamula payekha pa nthawi ya zovuta. Pulezidenti wotere, Paul von Hindenburg, ndi amene anapereka mpando kwa Adolf Hitler pa 30 January 1933, ndipo pofika March chaka chomwecho aphungu anali atapereka mphamvu zawo zopanga malamulo m'manja mwa boma lake. Anthu amene analemba Grundgesetz ku Bonn, malamulo oyendetsera dziko amene analengezedwa pa 23 May 1949, anali atapsa kale, moto ankaudziwa. Anachepetsa mphamvu za pulezidenti, nalimbitsa mpando wa Kanzler kuti usamagwedezeke chisawawa. Aphungu sangamuchotse pokhapokha atasankhiratu womulowa m'malo pa voti yomweyo. Chimenechi ndi konstruktives Misstrauensvotum, ndipo chinatheka kamodzi kokha, pa 1 October 1982, pamene Helmut Kohl analowa m'malo mwa Helmut Schmidt. Mbale wake ndi Vertrauensfrage, pamene Kanzler mwiniwake amafunsa aphungu ngati akumukhulupirirabe. Olaf Scholz anafunsa funsoli pa 16 December 2024 akudziwiratu kuti agwa, ndipo kugwako ndi kumene kunatsegula njira ya chisankho cha pa 23 February 2025. Vertrauen, kukhulupirira. Misstrauen, kukayikira. Mukagwira awiriwa mwagwira nkhani ya miyezi itatu ya m'nyuzipepala.

Koma pamene Amalawi timagwera kwambiri ndi pa pepala lovotera, Stimmzettel. Lili ndi mbali ziwiri. Kumanzere, kolembedwa ndi inki yakuda, ndi Erststimme, voti yoyamba, yosankha munthu woimira dera lanu, ndipo madera alipo 299. Zimenezi timazidziwa, ndi zakwathu. Kumanja, kwa inki yabuluu, ndi Zweitstimme, voti yachiwiri, yosankha chipani. Khutu lathu likamva kuti yachiwiri limaganiza za chinthu chotsalira, ngati fodya wa giredi yotsika. Koma yachiwiriyo ndi imene imagawa mipando. Mipando 630 ya mu Bundestag imagawidwa kwa zipani molingana ndi mavoti achiwiri amene chilichonse chapeza m'dziko lonse. Ndipo kuyambira pamene anasintha lamulo la chisankho mu 2023, kupambana kudera pakokha sikukwanira ngati chipani chako chilibe mavoti achiwiri okwanira kukunyamula. Mu 2025 anthu 23 anapambana m'madera awo koma sanalowe m'nyumba ya malamulo. Taganizani munthu wapambana ku Dowa kapena ku Mulanje, anthu avina usiku wonse, m'mawa n'kuuzidwa kuti mpando palibe. Kwathu kukhoza kuyaka moto. Kumenekonso anthu anadandaula, ndipo mkangano wake sunathe, koma simungaumve mkanganowo ngati Zweitstimme mukuitenga ngati yotsalira.

Palinso mpanda woyenera kulumpha, Fünf-Prozent-Hürde. Chipani chimene sichinafike mavoti asanu pa 100 alionse sichilandira mipando, pokhapokha chitapambana madera atatu. Cholinga chake n'choti nyumba ya malamulo isadzaze ndi tizipani ting'onoting'ono monga zinalili m'nthawi ya Weimar. Mu 2025 chipani cha FDP, chimene miyezi inayi m'mbuyomo chinali m'boma ndi unduna wa zachuma m'manja, chinapeza 4.3 n'kutuluka chonse. Cha BSW chinapeza 4.98, kuperewera ndi mavoti osakwana 10,000 m'dziko la anthu oposa 80 miliyoni.

Popeza n'kovuta kuti chipani chimodzi chipeze mipando yoposa theka, boma limakhala Koalition. Kwathu mgwirizano timapangiratu chisankho chisanafike, monga Tonse mu 2020. Kumeneko chipani chilichonse chimalowa pachokha, ndipo kukambirana kumayamba mavoti atawerengedwa, mpaka atasainirana Koalitionsvertrag, pangano lolembedwa la masamba oposa 100 lonena zimene boma lidzachite. Mutu wa anthu obwera umakhalamo, ndipo ndi mutu umene ine ndimawerenga poyamba. Migwirizanoyi amaitchula ndi mitundu. Ife tikudziwa kuti chikasu ndi UDF, buluu ndi DPP; kumeneko wakuda ndi CDU ndi mlongo wake CSU, wofiira ndi SPD, chikasu ndi FDP, wobiriwira ndi Die Grünen. Chisankho cha 2017 chitatha, kwa masabata angapo ndinkamva Jamaika pa wailesi m'mawa uliwonse, ndikuganiza kuti kuchilumbako kwagwa tsoka. Ankanena za wakuda, chikasu ndi wobiriwira, mitundu ya mbendera ya dzikolo. Zokambiranazo zinasokonekera mu November, ndipo boma latsopano linabwera pa 14 March 2018, patatha masiku 171. Ampel ndi maloboti a pamsewu, wofiira, chikasu, wobiriwira, boma la Scholz limene linasweka pa 6 November 2024. Ndipo amene mumadziwa Chingerezi musanamizidwe ndi Fraktion: si kagulu kogalukira, ndi aphungu onse a chipani chimodzi m'nyumba ya malamulo. Pa 6 May 2025 Friedrich Merz ankafuna mavoti 316 a aphungu kuti akhale Kanzler. Pa ulendo woyamba anapeza 310, chinthu chimene chinali chisanachitikepo chiyambire 1949, ndipo popeza votiyo ndi yachinsinsi, palibe akudziwa amene anamukana m'ma Fraktion a mgwirizano wake womwe. Madzulo a tsiku lomwelo anapeza 325.

Tsopano ndifike pa chimene ndikufuna muchisunge kuposa zonsezi. M'Chijeremani muli mawu amene ali ndi zilonda.

M'chaka changa chachiwiri, pa msonkhano wa antchito, ndinafuna kuyamikira mayi amene ankatsogolera wodi yathu, chifukwa anandithandiza kwambiri. Usiku ndinali nditayang'ana m'dikishonale mawu oti mtsogoleri. Ndinaimirira n'kunena kuti ndife amwayi kukhala ndi Führer wabwino chotere. M'chipindamo munangoti zii. Wina anayang'ana pansi, wina anayamba kusuntha kapu pa tebulo. Palibe anandikalipira. Msonkhano utatha, namwino wina wachikulire anandiitanira kuchipinda chosungira nsalu, n'kutseka chitseko, n'kundiuza modekha kuti mawu amenewo akaima paokha ndi dzina la munthu mmodzi yekha m'dzikolo, ndipo ena mwa agogo amene tinkawasambitsa m'mawa uliwonse analikuwa dzinalo ali ana a sukulu. Akalumikizidwa ndi ena alibe vuto: Führerschein ndi laisensi yoyendetsera galimoto, Geschäftsführer ndi bwana wa kampani. Koma mtsogoleri wa kuntchito ndi Leiterin kapena Chefin, wa chipani ndi Vorsitzende. Dikishonale sinaname, inangosiya kundiuza za chilonda.

Ife tomwe tili nawo mawu otere. Kwa mwana wobadwa mu 2005, khadi ndi ya kubanki. Kwa agogo ake amene anabwezedwa pa chipata cha msika chifukwa chosowa khadi ya chipani, ndi nkhani ina. Mikuyu kwa wina ndi mitengo, kwa wina ndi ndende ya ku Zomba kumene mbale wake anatsekeredwa popanda mlandu. Ndi khutu lomweli muzimvera Chijeremani. Volk ndi mtundu wa anthu, ndipo mawuwa alembedwa pamwamba pa khomo la nyumba ya Reichstag ku Berlin, mmene mumakhala Bundestag. Mu 1989 anthu a ku Leipzig ankafuula kuti Wir sind das Volk, anthu ndife, potsutsa boma la chipani chimodzi la East Germany. Kuyambira 2014, pa zionetsero za ku Dresden, ena anayamba kufuula mawu omwewo akutanthauza kuti obwera sali m'gulumo. Inu nenani Bevölkerung, onse okhala m'dziko, kapena Bürgerinnen und Bürger, nzika. Völkisch musawakhudze n'komwe. Asylant ndi onyoza, oyenera ndi Asylbewerber kapena Geflüchtete. Chaka chilichonse gulu la akatswiri a chilankhulo limasankha Unwort des Jahres, mawu oipa a chakacho. Mu 2014 anali Lügenpresse, atolankhani abodza, mawu amene a Nazi ankawagwiritsanso ntchito. Mu 2023 anali Remigration, amene amamveka ngati mawu ozizira a mu ofesi, chikomekome cha nkhuyu mkati muli nyerere: ena akamawanena amatanthauza kuchotsa anthu ochokera kunja mwaunyinji, ngakhale amene ali ndi unzika. Ndipo nthabwala za Hitler, zimene anyamata ena amachita pa mpira kapena pa mowa, muzisiye pa bwalo la ndege. Kukweza mkono mwa sawatcha ya a Nazi ndi mlandu wopita nawo kukhoti. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza.

Za kaphunziridwe sindichulutsa. Deutsche Welle ili ndi nkhani zowerengedwa pang'onopang'ono tsiku lililonse, Deutschlandfunk ili ndi nachrichtenleicht, ndipo pulogalamu ya nkhani za ana ya logo! pa ZDF musaichitire manyazi, inandiphunzitsa zambiri kuposa buku. Chisankho chikayandikira, bungwe la boma lophunzitsa za ndale limatulutsa Wahl-O-Mat pa intaneti: ziganizo 38, chilichonse muyankhe kuti mukuvomereza, mukukana kapena muli pakati. Khalani nazo pansi ndi dikishonale ngakhale simudzavota. Mudzatulukamo ndi mawu onse amene dziko likukanganirana chaka chimenecho. Zikwangwani za pa mapolo a magetsi muziziwerenga mukamadikira basi. Ndipo mukamamvera nkhani, tcherani khutu ku kamneni kakang'ono: er sei, sie habe, m'malo mwa er ist, sie hat. Ameneyo ndi akuti wathu uja. Mtolankhani akunena kuti awa ndi mawu a nduna, iye sakuikira umboni. Mukaphonya kamneni kameneka, zonena za wandale mudzazimeza ngati zoona, ndipo mudzazitumiza pa WhatsApp.

Phindu la zonsezi ndinaliona mu November 2022 pa nthawi ya tiyi. Anzanga ankakambirana mwamanyazi za Berlin, kumene khoti loona za malamulo a chigawocho linali litangogamula kuti chisankho cha chigawocho cha pa 26 September 2021 ndi ungültig, chosavomerezeka. Tsiku limenelo mapepala ovotera anatha m'malo ena, ena anapita kolakwika, misewu inatsekedwa ndi mpikisano wothamanga, anthu anavota 6 koloko itadutsa kale. Chinayenera kubwerezedwa, Wiederholungswahl, pa 12 February 2023. Wina anati zoterezi sizichitika kwina kulikonse. Ndinaika kapu pansi n'kuwauza, m'Chijeremani, za pa 3 February 2020: oweruza asanu ku Lilongwe, chigamulo chowerengedwa tsiku lathunthu dziko lonse lili pa wailesi, chisankho cha pulezidenti cha May 2019 kufafanizidwa, china kuchitika pa 23 June. Nditatchula kuti mapepala a zotsatira anafufutidwa ndi Tipp-Ex, mankhwala oyera aja amene anayambira kwawo konko, anafunsa mafunso mpaka nthawi ya tiyi inatha. Mawu onse ndinali nawo: Verfassungsgericht, Wahlfälschung, absolute Mehrheit, imene ife timati 50+1. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi anthu amenewa ankadziwa Malawi ngati dziko losauka la nyanja yokongola. Tsiku limenelo anamva kuti ndi dziko limene makhoti ake anachita chinthu chimene maiko ochepa kwambiri anachitapo.

Mudzanena kuti nanga ife tivota? Pa Bundestag ndi Landtag ayi, mpaka mutakhala nzika. Ngakhale pa chisankho cha makhansala, obwera amene amaloledwa ndi ochokera m'maiko a European Union okha. Koma pa ntchito pali Betriebsrat, komiti yoimira antchito, yosankhidwa zaka zinayi zilizonse, ndipo pamenepo pasipoti safunsa: mukhoza kuvota, mukhozanso kuima. M'nyumba ndi zipatala za mipingo amaitcha Mitarbeitervertretung. Ndi anthu amene amaona za ndandanda ya mashifiti ndi za kuchotsedwa ntchito. Kulemba dandaulo kunyumba ya malamulo, Petition, ndi ufulu wa aliyense, nzika kapena ayi; koma pepala limene akupatsani pa msewu musasaine musanaliwerenge mpaka pansi. Ndipo inu amene mudzasamalira okalamba, dziwani za Briefwahl, kuvota kudzera pa positi. Gogo adzakupatsani envelopu yofiira, manja akunjenjemera, n'kukufunsani kuti ndichonge pati mwanangu. Lamulo limalola kuti wosaona kapena wolumala athandizidwe, koma wothandiza amangobwereketsa dzanja. Kumusankhira ndi mlandu, ndipo zimene mwaona pa pepalapo simuuza munthu. Grundgesetz imafuna kuti chisankho chikhale allgemein, unmittelbar, frei, gleich, geheim: cha onse, chachindunji, chaufulu, chofanana, chachinsinsi. Mawu asanu amenewa alowezeni.

Kuyambira pa 27 June 2024, munthu akhoza kupempha unzika atakhala zaka zisanu m'malo mwa zisanu ndi zitatu, osatayanso wa kwawo. Pamakhala mayeso, Einbürgerungstest: mafunso 33 otengedwa pa 310, ndipo mufunika kukhoza 17. Ambiri amaloweza mayankho m'masabata awiri n'kukhoza, ndipo mawa lake sangakuuzeni kusiyana kwa Bundestag ndi Bundesrat. Musatero. Lamulo limene linatsegula khomo limeneli linadutsa ndi mavoti a aphungu, ndipo mavoti a aphungu ena akhoza kulitsekanso. Muyenera kudzamva phazi likamabwera.

Nditakhala nzika, kalata yanga yoyamba yondiitana kukavota, Wahlbenachrichtigung, inafika mu January kapena kumayambiriro kwa February 2025, yolembedwa dzina langa, nambala ya chipinda ndi nthawi, 8 koloko m'mawa mpaka 6 madzulo. Malo ake anali sukulu ya pulayimale, timipando tating'ono taunjikidwa pakona, zojambula za ana zili pa khoma. Mayi wina anayang'ana dzina langa m'kaundula, n'kundipatsa pepala lalitali. Kuseri kwa katchinga ndinaliwerenga lonse, kumanzere ndi kumanja, mzere uliwonse, ndipo panalibe mawu amene sindinawamve. Ndinakumbuka dzanja la gogo uja.

Gulani kope lapadera la mawu amenewa, losiyana ndi la mawu a kumsika ndi kuchipatala. Pa tsamba loyamba lembani die Stimme, die Stimmen. Ndipo munthu wachikulire akadzakugwirani dzanja n'kunena mawu amene simunamve, musamwetulire. Nenani kuti wie bitte, abwerezenso.